Mwana akufuna uzamba, mtedza wagulitsidwa: ndalamazi zipite kuti?

Funso: Ndine mlimi wa kwa Mkanda m'boma la Mchinji. Mwana wanga wamkazi wa zaka 19 analemba MSCE chaka chatha n'kupeza mapointi 27. Chingerezi, Masamu ndi Biology anakhoza bwino, koma Chemistry anapeza 7, Physics sanalembe, ndipo ku yunivesite dzina lake silinatuluke. Chiyambireni pamene anakakhala gadiyani wa mlamu wake kuchidikiro, nkhani yake ndi imodzi basi: akufuna kukhala namwino wa azamba. Mnzanga wandiuza za sukulu ina m'tauni yophunzitsa unamwino miyezi 6 yokha, ndipo akuti malo atha posachedwa. Ndagulitsa mtedza ndi soya, ndalama zili m'manja. Ndilipire? Nanga akamaliza, ntchito akaipeza? Ena akuti angodikira boma lidzalengeze za u-HSA, ntchito ija ya alangizi a zaumoyo m'midzi.

Yankho: Bambo, mwachita bwino kufunsa ndalama zikadali m'thumba. Ambiri amatipeza atalipira kale, risiti ili m'manja, mwana watha chaka m'tauni, ndipo chomwe tingawathandize chimakhala chochepa. Ine ndine namwino komanso mzamba. Ndagwira ntchitoyi zaka zoposa 25, zambiri m'zipatala zing'onozing'ono zakumudzi m'chigawo chapakati, ndipo masiku ano ndimayang'anira ana asukulu akabwera kudzaphunzira ntchito m'mawodi. Ndikuyankhani monga ndikanawayankhira alongo anga.

Kusukulu ya miyezi 6 ija musalipire. M'Malawi muno mulibe unamwino wa miyezi 6, ngakhalenso uzamba. Munthu sakhala namwino chifukwa wavala zoyera, kapena chifukwa ali ndi satifiketi ya chidindo chonyezimira. Amakhala namwino tsiku limene bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, lomwe ife timangoti Khonsolo, lamulemba m'kaundula ndi kumupatsa chiphaso chogwirira ntchito. Kuti afike pamenepo amayenera kukhoza mayeso a Khonsoloyo, omwe ndi osiyana ndi a kukoleji, ndipo mayesowo amalemba okhawo amene aphunzira pa koleji yovomerezeka, maphunziro ovomerezeka. Popanda chiphaso boma silimulemba ntchito, zipatala za mishoni sizimulemba, ndipo chipatala cha munthu chikamulemba ngati namwino ndiye kuti chikuphwanya lamulo. Timasukulu tina ta miyezi yochepa timaphunzitsa kusamalira wodwala pakhomo: kumusambitsa, kumutembenuza pabedi, kumudyetsa. Luso limenelo si loipa ayi. Choipa n'kulitcha unamwino pofuna kukopa makolo.

Zaka zingapo zapitazo anandipeza pantchito mtsikana wa msinkhu wa mwana wanuyo, atavala bwino, envelopu yakhaki ataikumbatira pachifuwa. Ankafuna malo ongodzipereka kuti manja azolowere. Nditatsegula ndinapeza satifiketi yokongola kuposa yanga, ya sukulu imene ndinali ndisanaimvepo. Nditamufunsa nambala yake ya ku Khonsolo anangoti kukamwa yasa. Bambo ake anali atagulitsa ng'ombe ziwiri zapangolo. Ndinamutengera m'kachipinda kosungiramo nsalu kuti asalire pamaso pa odwala, ndipo mawu amene ankabwereza anali amodzi: "Ndikawauza chiyani adadi?" Mwana uja sanali wopusa, ndipo bambo akenso sanali opusa. Anangosowa wowauza choyenera kufunsa.

Choyenera kufunsacho n'ichi. Sukulu iliyonse imene mungaiganizire, dzina lake mukalitsimikizire ku Khonsolo, ku Lilongwe, inu nomwe kapena wachibale wodalirika, osangokhulupirira pepala lomata pakhoma la ofesi ya sukuluyo. Mufunse maphunziro enieniwo, chifukwa koleji ikhoza kukhala yovomerezeka pa china koma osati pa uzamba. Bungwe loona za maphunziro a ukachenjede la NCHE nalonso limatulutsa mndandanda wa masukulu a ukachenjede amene lawavomereza. Kenako muwafunse eni sukuluwo kuti ana awo amakaphunzira ntchito yamanja pa chipatala chiti, ndipo akuonetseni mmodzi amene anamaliza pamenepo n'kulembedwa ntchito ya unamwino. Mawu akuti malo atha posachedwa ndi a pamsika. Makoleji enieni amalengeza m'nyuzipepala ndi pa wailesi, amaika tsiku lotsekera, ambiri amalembetsa mayeso kapena kuitana intavyu, ndipo fizi imalipiridwa kubanki mu akaunti ya sukulu, osati pa nambala ya foni ya munthu.

Mwina mukuona ngati ndikukhwimitsa zinthu pofuna kuteteza ntchito yathu. Ayi ndithu, chifukwa chake ndi china.

Mu 2007 boma linaletsa azamba akumudzi kubereketsa amayi. Mafumu anaika malamulo, ndipo inu nomwe mukudziwa mabanja amene analipitsidwa mbuzi kapena nkhuku chifukwa mayi anachirira pakhomo. Mu 2012 pulezidenti Joyce Banda anaika mtima pa uchembere wabwino, Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu n'kumayenda m'dziko muno kulimbikitsa mafumu anzake, zidikiro n'kumangidwa. Amayi anamvera. Pofika pa kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016, amayi 9 mwa 10 aliwonse ankachirira kuchipatala. Imfa zinatsikadi: pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi omwalira chifukwa cha uchembere anali 984 mu 2004, 675 mu 2010, ndi 439 pa kafukufuku ndatchulayu. Koma taganizirani chomwe tinachita pamenepa. Tinauza mayi wa kwa Mkanda kuti asiye agogo amene anabereketsa mudzi wonse, asenze beseni, zitenje, lumo ndi pepala lapulasitiki, ayende mtunda wautali kudzagona pa simenti kuchidikiro. Tinamulonjeza kuti akapezako munthu wodziwa kuposa agogo aja. Ngati amene akamupezayo waphunzira mwachidule, ndiye kuti tamunamiza mayiyo.

Usiku wina wa mwezi wa February sindiuiwala. Mvula inali itagwa masiku atatu. Cha m'ma 2 koloko ndinamva ngolo ikuima panja. Mayi wa mimba yachisanu ndi chimodzi, matenda anayamba madzulo, ndipo apongozi ake, atafunsidwa mwaulemu, anavomera kuti anamumwetsa mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda, aja amati mwanamphepo. Pachipatalapo mzamba ndinali ndekha, pamodzi ndi mayi wothandizira m'wodi ndi alonda amene anandigwirira tochi pakhomo. Pasanathe ola mwana anabadwa, koma zii, osalira, thupi lili lende. Pamenepo uli ndi mphindi imodzi yokha. Ndinamupukuta ndi chitenje mwamphamvu, kumusisita pamsana, osatheka. Ndinadula mchombo, kumugoneka chagada, kumuika kathumba kopumitsira pamphuno ndi pakamwa, n'kumafinya ndikuyang'ana ngati kachifuwa kakukwera. Jakisoni wa oxytocin woteteza kutaya magazi ndinali nditamubaya kale mayiyo pantchafu, koma ndili mkati mopumitsa mwana ndinamva phokoso limene mzamba aliyense amalidziwa, la magazi akudontha pansi kuchokera pa pulasitiki. Mwana atangoti kulira pang'ono ndinamupatsira mayi wothandiza uja kuti amufunditse, ine n'kutembenukira kwa mayi wake. Chiberekero chinali chofewa ngati phala, chosafuna kukhwinyata. Ndinachisisita mpaka chinalimba ngati chibakera, kuika diripu mikono yonse iwiri, kutulutsa mkodzo ndi kachubu, kuyang'ana nsengwa ngati yatuluka yonse, kuona ngati pali pong'ambika. Ambulansi inafika kutacha chifukwa mtsinje unali utadzaza. Onse awiri ali moyo, ndipo mwanayo pano ali kusekondale.

Mayi wotaya magazi chonchi akhoza kutisiya pasanathe maola awiri. Usiku umenewo panalibe buku loti nditsegule, panalibe woti ndimufunse. Chinagwira ntchito ndi zaka zimene ndinatha ndikubwerezabwereza zinthu zomwezo pamaso pa aphunzitsi okhwima, mpaka manja anaziloweza okha. Zimenezo sizilowa m'miyezi 6. Akuluakulu potcha mimba kuti pakati ankadziwa chomwe ankanena: mayiyo ali pakati pa moyo ndi imfa.

Komabe musaganize kuti uzamba ndi usiku wotero tsiku ndi tsiku. Gawo lalikulu ndi ntchito yachete yofuna maso. Kusikelo ya amayi oyembekezera umayeza mmodzimmodzi mzere utafika pamtengo wa mango panja, ndipo wa nambala 60 umayenera kumuyeza mosamala ngati woyamba: kuthamanga kwa magazi, kuchuluka kwa magazi m'thupi, HIV, chindoko, mmene mwana wagonera. Umapereka Fansidar woteteza malungo, mapiritsi owonjezera magazi, neti, katemera wa kafumbata. Mtsikana wa mimba yoyamba akangoti, "Mutu ukundiwawa, m'maso mukuchita chifunga," nkhope itatupa, makina n'kuonetsa 140 pa 90 kapena kuposa, mzamba wabwino amadziwa kuti uyu asabwerere kumudzi lero, chifukwa mawa akhoza kuyamba kukomoka ndi kuphupha. Ku leba umamvera mtima wa mwana mphindi 30 zilizonse n'kumalemba pa pepala lolondolozera matenda, ndipo mzere ukayamba kupatuka umaitana ambulansi nthawi yomweyo, pamene mayi akadali ndi mphamvu. Kuchokera pa Boma kufika ku Kamuzu Central ndi makilomita oposa 100. Wotumiza mochedwa amakhala wataya kale nkhondo. Amayi amene ali ndi fisitula, omwe amakathandizidwa ku Bwaila, ambiri anafika pamenepo chifukwa matenda anatalika popanda woona kuti mwana wakanirira.

Apa m'pamene Chemistry ndi Masamu zimalowera, ndipo ana ambiri amadabwa nazo. Mankhwala oletsa kukomoka kuja, magnesium sulphate, amafuna kusungunula moyenera. Ukaphonya muyezo, mayi akhoza kusiya kupuma. Diripu imawerengedwa madontho pa mphindi. Khanda la makilogalamu 1.8 mankhwala ake umachita kuwerengera molingana ndi kulemera kwake, usiku, tulo tili m'maso. Choncho 7 wa Chemistry uja si chipongwe cha makoleji. Pa MSCE, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe. Kirediti imayambira pa 6 kutsika. Makoleji a zaumoyo amayang'ana makirediti pa Chingerezi, Masamu, Biology ndi phunziro la sayansi ngati Chemistry kapena Physics, ndipo mapointi onse pamodzi amabwera pambuyo. Mwana wa mapointi 27 wokhala ndi makirediti oyenera amamuposa wa mapointi 20 amene Biology inamuvuta.

Langizo langa ndiye ili: gawo la ndalama za mtedzazo limulipirire kuti abwereze. Alembetse mayeso a MANEB, alowe sukulu ya masana pa sekondale imene ili ndi labu ndi mphunzitsi weniweni wa sayansi, ngakhale zitatanthauza kukakhala kwa achibale pa Boma kapena ku Kamwendo. Mukamawerenga zolengeza za makoleji muone ngati akulola kuphatikiza zotsatira za maulendo awiri, ambiri amalola. Chaka chimodzi chimaoneka chachitali kwa mwana wa zaka 19 amene anzake apita, koma n'chachifupi poyerekeza ndi zaka 30 zogwira ntchito.

Akakonza Chemistry, njira zimatseguka zingapo. Yapamwamba ndi digiri ya zaka zinayi ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, kapena ku Mzuzu University. Kumeneko mpikisano ndi woopsa, ndipo kunena zoona mapointi a m'ma 20 kawirikawiri safikako. Njira imene anamwino ambiri amene mumawaona m'zipatala zakumudzi anadutsa ndi dipuloma ya zaka zitatu ya Nurse Midwife Technician, yomwe timangoti NMT. Imeneyi imapezeka makamaka m'makoleji a mipingo omwe ali pansi pa CHAM: Nkhoma kufupi ndi kwanu kuno, Ekwendeni ndi St John's kumpoto, St Luke's ku Malosa, St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe, Mulanje Mission, Trinity ku Nsanje, Malamulo ku Thyolo. Boma lili ndi Malawi College of Health Sciences yomwe ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, ndipo ku Lilongwe kulinso Daeyang. Asalembere pamodzi pokha. Ana a ku Mchinji amaopa kutentha kwa ku Nsanje kapena kutalika kwa ku Ekwendeni, koma chiphaso chake n'chimodzimodzi kulikonse kumene waphunzira.

Palinso maphunziro a Community Midwifery Assistant, omwe anayamba mu 2011 ali a chaka chimodzi ndi theka, cholinga chake chili choti azamba abwerere kukagwira ntchito kumidzi. Ndawaona ana a gulu limeneli akugwira ntchito yotamandika, koma ndikuuzeni mosabisa kuti malipiro ake ndi otsika ndipo makwerero ake ndi aatali. Kwa mwana wanu, amene wangotsala ndi phunziro limodzi, ine ndingakonde alimbikire NMT. Kuchokera pamenepo, atagwira ntchito zaka zingapo, akhoza kukawonjezera maphunziro mpaka digiri. Anzanga ambiri amene lero ndi mametironi ndi aphunzitsi anayambira pansi chomwecho, tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Za ndalama, werengerani zaka zitatu, osati teremu yoyamba yokha. Kupatula fizi pali yunifolomu, nsapato, wotchi, malo ogona ndi chakudya pa nthawi imene atumizidwa kukaphunzira ntchito ku chipatala cha boma lina, ndalama zolembetsera ku Khonsolo, ndi zoyendera. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mwana wosiyira chaka chachiwiri chifukwa soya sanagulidwe bwino chaka chimenecho. Khalani pansi ndi mayi ake, amalume ake ndi onse amene angathandize, mugwirizane pasadakhale. Akalowa, afunse ku ofesi za ngongole za Higher Education Students' Loans and Grants Board ngati ophunzira a pakolejiyo amafikiridwa, komanso za mabungwe amene amalipirira ana a unamwino posinthana ndi lonjezo loti akamaliza akagwira ntchito m'zipatala za m'dziko muno zaka zingapo.

Mwana akati akufuna kuthandiza amayi ndi ana, nthawi zambiri amatchula unamwino chifukwa ndi ntchito yokhayo imene waiona ndi maso. Koma mayi amene tamutumiza pa Boma usiku, amene amamuchita opaleshoni kawirikawiri ndi clinical officer, munthu wa dipuloma ya zaka zitatu ndi chaka china chozolowera ntchito. Womugonetsa tulo naye ndi clinical officer amene anakaphunzira zimenezo mwapadera. Magazi amene amulandiritse ayezedwa ndi wa ku labu. Onsewa amalembetsa ku Medical Council of Malawi, ndipo lamulo lake ndi lomwe lija: sukulu yovomerezeka, chiphaso. Kuli a zamankhwala, a zaukhondo ndi umoyo wa m'madera, a kadyedwe koyenera amene amaphunzira ku Bunda, ngakhalenso okonza makina a mpweya a kuwodi ya makanda, omwe akawonongeka tonse timangogwira njakata. Mwana wanu adziwe kuti zimenezi ziliko asanasankhe.

Za u-HSA, aliyense amene amanyoza ntchitoyi sadziwa mbiri ya dziko lino. Mu 1992, pa ana 1,000 obadwa, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika 2015 mpaka 2016 anali 63. Ntchito yaikulu pamenepo anaigwira alangizi a zaumoyo opalasa njinga, bokosi la katemera litamangidwa kumbuyo. Ndi iwo amene amapachika sikelo pamtengo n'kuyeza ana, kumanga kalamba pamkono kuti aone amene akunyentchera n'kumulembera chiponde, kuthira kolorini m'madzi nthawi ya kolera, ndi kutsegula kliniki ya m'mudzi kumene mwana wa malungo, chibayo kapena kutsegula m'mimba amalandira mankhwala tsiku lomwelo. Katemera wa malungo atayamba kuperekedwa mu 2019, Mchinji inali m'gulu la maboma oyamba, ndipo amene ankafotokozera amayi pansi pa mtengo anali iwowa. Vuto ndi loti u-HSA sulowa polipira fizi. Boma limayamba lalengeza malo, kulemba anthu, kenako n'kuwaphunzitsa, ndipo kulengezako kulibe nyengo yodziwika. Mu 2020 anthu miyandamiyanda anakhamukira ku intavyu za ntchitoyi moti ku Mzuzu ena anavulala pokankhana. Akalengeza alembere ndithu, palibe chotaya. Koma kukhala pakhonde kudikira kulengezako si dongosolo.

Ndipo chaka chongokhala chili ndi zoopsa zake zimene inu monga kholo mukuzidziwa. Kafukufuku uja wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atayamba kale kubereka. Ambiri amene ndawabereketsa ali ana anali ndi maloto ngati a mwana wanuyo. Sindikumuganizira zoipa ayi. Ndikungoti mwana amene ali ndi mayeso oti alembe amakhala ndi yankho lowapatsa ofunsira mbeta.

Tsopano funso lanu lolemera: ntchito akaipeza? Sindikunamizani. Dziko lino likusowa anamwino ndi azamba kwambiri, wodi imene imafuna anthu asanu imakhala ndi awiri, koma nthawi yomweyo kuli anamwino achiphaso amene akhala pakhomo chaka kapena ziwiri kudikira kuti boma lipeze ndalama zowalembera. Zonse ziwiri n'zoona. Podikirapo ena amagwira lokamu, ntchito yaganyu yogwirizira m'chipatala, ena m'zipatala za anthu, ena m'mabungwe pa kontirakiti, ndipo za mabungwezo tinaona mu 2025, thandizo la dziko la America litaimitsidwa, mmene zimathera mwadzidzidzi. Chomwe ndaona pa zaka zanga n'chakuti wachiphaso amachedwa koma amalowa, makamaka amene sasankha malo. Ofuna Lilongwe ndi ambiri. Ovomera Kazyozyo, Gumba kapena Kaigwazanga ndi ochepa, ndipo mwana wokulira kwa Mkanda, wodziwa kuphika pa nkhuni ndi kutunga pa mjigo, amakhazikika kumalo otero pamene wa m'tauni akulemba kalata yopempha kusamutsidwa mwezi woyamba. M'boma lanu muli zipatala za mishoni ku Kapiri, ku Guilleme ndi ku Ludzi, kuwonjezera pa za boma monga Kochilira ndi chachikulu cha pa Boma. Wina akadzakuuzani kuti mupereke kenakake kuti dzina la mwana lilowe pa mndandanda wa ntchito, ameneyo ndi wakuba, musamupatse ngakhale tambala.

Malipiro ndi a boma: amakwana kudya, kuvala ndi kuthandizako kumudzi pang'ono, koma si olemeretsa. Khirisimasi ndi maliro a achibale ena adzazimva ali pa ntchito.

Chinthu china chimene sindingachisiye, ngakhale simunafunse. Amayi amatidandaula, ndipo nthawi zambiri amanena zoona. Amati timakalipa, timawayankha mwachipongwe pa nthawi ya ululu, timawasiya okha n'kumaseweretsa foni. Kutopa kulipo, kuchepa kwa antchito kulipo, koma ine ndaonapo mayi akubisa kuti madzi anasweka dzulo chifukwa choopa kukalipiridwa, ndipo kubisako kunatsala pang'ono kumupha ndi mafinya m'chiberekero. Apongozi a usiku uja akanakhala kuti ndinawakalipira, sakanandiuza za mwanamphepo, ndipo ine sindikanakonzekera. Ulemu ndi chida chogwirira ntchito ngati magolovesi. M'boma lanu lomwelo munachitika kafukufuku wa MaiMwana kuyambira cha m'ma 2005, momwe amayi a m'midzi ankakumana m'magulu kukambirana okha mavuto a uchembere n'kupeza njira zawo, monga njinga za ambulansi, thumba la ndalama zadzidzidzi ndi madimba a ndiwo zamasamba, pamene amayi ena odzipereka ankayendera anzawo kuwalangiza za kuyamwitsa. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2013, zinaonetsa kuti umoyo wa amayi ndi makanda unapita patsogolo. Amayi akumudzi si mbuli zoti tizizikalipira. Akamvetsedwa amadzithandiza kwambiri. Mwana amene anagonapo pa simenti kuchidikiro, n'kuphika pa mafuwa pamodzi ndi magadiyani anzake, amayamba ntchito akudziwa kale zimenezi, ndipo n'chifukwa chake kalata yanu yandisangalatsa.

Komabe mufunseni bwinobwino, poti kalatayi mwalemba ndinu, osati iye. Musamufunse ngati akufuna unamwino, chifukwa ayankha kuti inde. Mufunseni chimene anaona kuchidikiro kuja. Akakakuuzani za yunifolomu ndi mmene anamwino amayendera, mupatseni nthawi aganizenso. Akakakuuzani za mayi wina amene analira usiku wonse, kapena za khanda lobadwa masiku asanakwane limene mayi wake analimangirira pachifuwa ngati kangaru, kapena za namwino wina amene anamukwiyitsa ndipo iye akuti sadzachita chomwecho, ameneyo ndi wathu. Ndipo ngati pambuyo pake pali mnyamata amene ali ndi mtima womwewo, musamuletse. Azamba aamuna tili nawo ambiri, ndipo ena amayi amachita kuwapempha ndi dzina.

Mwezi uno, tsiku limene mulibe ntchito kumunda, mukwere naye galimoto mupite pa Boma. Mukafunse ofesi ya mkulu wa anamwino ndi azamba m'boma, kapena metironi, munene kuti mwabwera ndi mwana wofuna ntchitoyi ndipo mukupempha mphindi zochepa. Pitani chakumasana, mzere wa odwala utachepa. Atenge satifiketi yake ya MSCE ndi dzina la sukulu ya m'tauni ija atalilemba papepala, ndipo alankhule yekha, inu mukhale chete pambali. Pobwerera mudutse pa sekondale mukafunse za malo obwereza ndi tsiku lotsekera kulembetsa mayeso. Mukafika kunyumba mundilemberenso, ndimve zimene iye wanena m'galimoto pobwerera.